Mpukutu Wachisanu

1. Ulusi utha

Lachitatu m'mawa ulusi unamuthera Kamphepo m'manja. Anakoka, kansonga kake kanangobwera kokha, kopanda chokatsata.

Dzina la Kamphepo anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa mtsikanayu sankadziwa kuyenda. Akamutuma, ankathamanga. Akapanda kumutuma, ankathamangabe. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo onse m'nyumbamo ankadziwa kuti chitseko chikamenyeka ndiye kuti wadutsa iyeyo.

Tchuthi chonse ankaluka juzi ya bambo akewo. Bambo anali atapeza ntchito yomanga mlatho kumapiri, kumene amati kuzizira kwake madzi akumwa amaluma mano. Ankayenera kunyamuka Loweruka masana, kukakhala miyezi inayi osabwera. Tsiku limene kalata ya ntchitoyo inafika, Kamphepo anakwera pampando n'kulengeza pamaso pa onse.

"Bambo, simukwera basi opanda juzi yoluka ine."

"Ndamva," anatero bambo. "Nanga chipewa changa cha chaka chatha chija chili pati?"

"Chikubwera."

"Chikuyenda wapansi eti?"

Amayi anaseka mpaka kutsamwa. Komatu nkhani ya chipewayo inali yoona. Kamphepo anali katswiri woyamba zinthu. Akaona mnzake wavala kansalu kapakhosi, tsiku lomwelo ankayamba kake. Mawa lake akaona wina wakolekera chikwama choluka, kansalu kaja kankaiwalika, chikwama n'kuyambika. Zoyamba zinali mbwee, zomaliza panalibe ngakhale chimodzi.

Koma ulendo uno anali atalimbikira, tisamunamizire. Kutsogolo kwa juzi kunatha. Kumbuyo kunatha. Mkono wakumanja unatha. Wakumanzere, umene ankauluka kuchokera paphewa kutsika, unali utafika pachigongono. Panatsala theka la mkonowo ndi khosi basi. Ndiye ulusi wobiriwira uja n'kuthera pomwepo.

Anasuzumira kunsi kwa bedi, osaona mpukutu. Anatsegula madilowa onse n'kuwasiya yasa. Anakwera pampando kuyang'ana pamwamba pa kabati, anangotsikako ndi fumbi pamphuno.

"Kodi ukufunafuna ndi maso kapena ndi miyendo?" anafunsa amayi ali pakhomo la chipinda.

"Palibe, amayi. Unatha. Ndikupita kwa azakhali."

Anakulunga juzi yonse m'thumba n'kuliyatsa liwiro.

2. Kope la azakhali

Azakhali, mlongo wa bambo, anali woluka wodziwika mumsewu wonse. Chipinda chawo chogwirira ntchito chinali pakati pa wometa ndi wokonza mawotchi. Chinali chopapatiza, cha zenera limodzi laling'ono, moti getsi linkayaka ngakhale masana. Makoma onse anali mashelefu kufika kudenga, ndipo pamashelefupo panali mabokosi, lililonse ndi nambala yake yolembedwa ndi penti yoyera.

Patebulo panali sikelo yaing'ono ndi kope lalikulu lachikuto chakuda. Kopelo linali lonenepa moti silinkatsekeka bwino, ndipo timaulusi tamitundumitundu tinkatuluka m'mbali ngati ndevu. Ntchito iliyonse inali ndi tsamba lake. Pamwamba ankalemba mwini wake ndi chimene akulukacho. M'munsi ankalemba kukula kwa singano, tsiku loyamba, mipukutu imene yalowa, imene yatsala, bokosi limene ikukhala, ndi mzere umene alekezera. Pakona ankamata kapepala kamene kamabwera katazungulira mpukutu, n'kumangirira kachidutswa ka ulusiwo pakabowo.

Kamphepo analowa ali wefuwefu.

"Azakhali, ulusi munandipatsa uja unali wochepa."

Azakhali anamaliza mzere umene ankaluka, anaulemba m'kope, kenako ananyowetsa chala n'kutembenuza masamba.

"Juzi ya achimwene. Mipukutu isanu. Bweretsa kuno."

Anaika zidutswa zonse za juzi pasikelo n'kuyang'ana muvi wake.

"Iyi ndi mipukutu inayi. Wachisanu uli kuti?"

"Ndafuna paliponse."

"Khala pansi, mwana wa mchimwene wanga, miyendo yakoyo ipumeko. Ine ndaluka zaka makumi atatu. Pa zaka zonsezo sindinaonepo munthu amene ntchito yamukanika chifukwa cha zala. Zala zako n'zabwino, zimaposa zanga. Chimene chimagwetsa woluka ndi mutu wodzikhulupirira. Amati ndikumbukira, ndikumbukira. Ukumbukira chiyani iwe, woti umaiwala ndi nsapato zomwe? Kope ili si lokongoletsa tebulo. Nditadwala lero, munthu wina atha kulitsegula n'kumaliza ntchito iliyonse ya m'chipinda muno osandifunsa kanthu. Tsiku limene ndinakupatsa ulusi ndinakupatsanso kope lako. Walembamo chiyani?"

"Dzina langa."

"Basi?"

"Ndinajambulanso duwa pachikuto."

"Duwa." Azakhali anavula magalasi n'kuwaika patebulo. "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pita kunyumba. Ukatulutse chilichonse chimene unayambapo, ngakhale chochititsa manyazi. Ukachiyale pansi, ukachilembe chimodzichimodzi. Ulusi sutuluka miyendo. Uli m'nyumba mwanu momwemo."

Koma Kamphepo anali atasiya kale kumvetsera. Maso ake anali pashelefu yam'munsi, pamene panali bokosi lachivindikiro chofiira, lotseguka pang'ono. M'katimo munkaoneka zobiriwira.

"Azakhali, si womwewo uwo? Mungondipatsako umodzi."

"Ayi. Choyamba, si womwewo. Mvetsera, chifukwa ichi sindibwereza. Kufakitale ulusi amauviika mu utoto m'chimphika chachikulu. Chimphika cha lero ndi chimphika cha mawa sizifanana, ngakhale dzina la mtundu likhale limodzi. N'chifukwa chake pakapepala pamakhala nambala iyi. Nambala zikasiyana, ulusi wasiyana. M'nyumba diso lidzakunamiza, koma dzuwa silinamizika. Wa nambala yakoyo kusitolo unatha kalekale, ndinakafunsa ndekha. Iwe timapepala tako umataya, ndikudziwa."

Kamphepo anayang'ana zala zake zakumapazi.

"Chachiwiri, si wanga. Ndi wa anamwino opuma aja, amene amayenda ndi ndodo. Amuna awo anawagulira mipukutu inayi imeneyo kuti alukire shawelo, ndipo mwezi womwewo anamwalira. Ulusiwo wakhala m'sutikesi zaka zisanu. Pano zala zawo zinatupa, sangathenso kugwira singano. Abweretsa kwa ine kuti ndiwalukire. Ulusi umenewo sungapezekenso m'sitolo iliyonse. Usaukhudze."

Atatero ananyamula kathumba ka masokosi a khanda.

"Ndikapereke izi tsidya la msewu. Undiyang'anire pakhomo, sindichedwa."

3. Bokosi lofiira

M'chipindamo munatsala Kamphepo, getsi ndi bokosi lofiira.

Anayesetsa, mwana wa eni. Anakhalira manja ake. Anawerenga mabokosi a pashelefu yapamwamba, n'kuwawerenganso chobwerera m'mbuyo. Anamvetsera makina a wometa akulira kuseri kwa khoma. Kenako anapezeka wagwada pafupi ndi shelefu yam'munsi.

"Ndingoona chabe," anadziuza.

Anatulutsa mpukutu umodzi n'kuugunditsa ndi mkono wa juzi pansi pa getsi. Anautembenuza uku ndi uku. Anatsinzina diso limodzi. Abale, unali womwewo. Panalibe ndi pang'ono pomwe posiyana.

Loweruka linali pafupi. Kutulutsa zonse za m'chipinda chake n'kumazilemba kukanamudyera tsiku lathunthu, pamene ulusi unali m'manja kale. Shawelo ya anamwino inali isanayambike n'komwe. Nanga iye ankafuna wochuluka? Theka la mkono ndi khosi basi, wotsalawo adzabweza mwakachetechete.

Anaponya mpukutuwo pansi pa thumba, n'kuuphimba ndi juzi. Chivindikiro chofiira anachibwezera mmene chinalili, chotseguka pang'ono.

Azakhali atabwera anamupeza ataima pakhomo, thumba lili kumimba.

"Ndapita, azakhali."

"Ukachite zimene ndakuuza."

"Chabwino."

Anathamanga msewu wonse, kudutsa ogulitsa zipatso, kudumpha ngalande, kuzemba njinga ziwiri. Atafika m'chipinda chake anang'amba kapepala ka pampukutupo monga mwa chizolowezi chake. Anati akataye, koma poopa kuti amayi angakaone posesa, anakakankhira m'thumba la siketi.

4. Dzuwa silinamizika

Lachinayi kunacha ndi mitambo, kamvula kakuwaza tsiku lonse. Kamphepo anakhala pabalaza, getsi lili chiyakire, singano zikulira ngati mano a munthu wozizidwa. Sanatuluke. Anzake anabwera kudzamuitana, iye anangowakupizira dzanja pawindo. Chakudya anadya ndi dzanja limodzi.

Mkono unkatsika, mzere ndi mzere, ndipo chimwemwe chake chinkakwera. Ankaluka akuimba. Akamaliza mizere khumi ankaimirira, kuvina pang'ono, n'kukhalanso. Bambo atabwera madzulo anabisa zonse kuseri kwa khushoni n'kukhalira.

"Bwanji wakhala ngati nkhuku yofungatira?" anafunsa bambo.

"Musafunse, bambo. Mudzaona Loweruka."

Lachisanu m'mawa analuka khosi, n'kusoka zidutswa zonse pamodzi. Nthawi isanakwane teni koloko, juzi inali itatha. Chinthu choyamba kuchimaliza chibadwire. Anaikumbatira, anainunkhiza, anaivala yekha n'kumira nayo mpaka m'maondo.

Kunja mitambo inali itachoka. Anathamangira kuseri kwa nyumba n'kuyanika juziyo pachingwe, mikono ili tambalala.

"Amayi, siyani kuchapako, mudzaone zimene simunaonepo."

Amayi anabwera akupukuta manja. Anaima. Anaiyang'anitsitsa juziyo. Kamphepo anatembenuka kuti aone chimene chawatseka pakamwa, ndipo kumwetulira kwake kunathera pomwepo.

Juzi yonse inali yobiriwira ngati tsamba lokhwima. Koma kuyambira pachigongono chakumanzere kutsika, pamodzi ndi khosi lonse, inali yobiriwira motuwa, ngati tsamba lomwelo litagwa fumbi. Malire ake anali owongoka ngati wina wachita kujambula ndi lula.

"M'nyumba sinkaoneka chonchi," anatero Kamphepo.

"Bambo ako akukamanga mlatho m'nyumba?"

"Mwina sangaone."

Amayi anakhala pachidebe chovundikira n'kumukokera pafupi.

"Tamvera, mwana wanga. Bambo ako atha kuvala ngakhale thumba la simenti, bola wawapatsa ndiwe. Avala, akwera nayo basi, akawaonetsa anzawo onse. Nkhani si imeneyo. Ulusi wotuwawu m'nyumba muno sunalowe ndi ine, sunalowe ndi bambo ako. Sindikufunsa kumene wautenga. Uli ndi pakamwa, mwini wake udzamuuza wekha. Koma dziwa kuti ukawaveka bambo ako juzi iyi, miyezi inayi yonse azikayenda atavala chinthu cha eni pakhosi, iwo osadziwa, akunyadira. Iwe kuno uzidzagona ukudziwa. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, nanga yongotenga? Ngati zimenezo uzitha, chotsa pachingwepo ukaikulunge. Ngati suzitha, dzuwa likadali m'mwamba."

Misozi inalengeza m'maso mwa Kamphepo. Manyazi anamugwira, ndipo anali aakulu kuposa chisoni. Anayang'ana juzi, anayang'ana dzuwa. Kenako anapukuta m'maso ndi mkono.

"Amayi, kope langa lija munaliona?"

"Lamaluwa lija? Ndinatchingira mwendo wa tebulo, limagwedera."

5. Zonse pansi

Kamphepo anayala nsalu pabalaza n'kuyamba kututa. Ulendo uno sanasuzumire chabe. Anakwawira kunsi kwa bedi n'kukoka chilichonse. Anakhuthula madilowa, matumba a sukulu akale, ngakhale bokosi la nsapato. Zimene zinatuluka, amayi anachita kugwira pakamwa.

Anatsegula kope, tsamba loyamba, n'kuyamba kulemba monga amachitira azakhali. Chinthu chilichonse tsamba lake. Ankadula kachidutswa ka ulusi, kuboola pepala ndi singano, n'kumangirira.

Chipewa cha bambo, chabuluu, chofika m'makutu, singano zikadali momwemo. Sokosi imodzi yachikasu, inzake kulibe. Kansalu kapakhosi kotalika ngati chikhato. Kansalu kapatebulo koluka ndi kasingano kangowe, kozungulira theka. Chidole chopanda mutu.

"Ichi ndiye chandiopsa," anatero amayi, atachinyamula ndi mwendo umodzi.

"Musandiseketse, amayi, ndikulemba."

Singano zimene ankati zinatayika zinapezeka mapeya anayi. Lumo la amayi, limene linawakanganitsa ndi aneba mwezi wathunthu, linapezekanso momwemo. Amayi analitenga, ndipo diso limene anamuponyera linali lokwanira.

Masamba asanu ndi atatu anadzaza, koma chobiriwira panalibe. Panatsala chinthu chimodzi chokha, chikwama cha pilo chakale chomanga kukamwa, chimene Lachitatu lija anachikankha ndi phazi poyesa kuti muli zovala zakuda. Anamasula mfundo n'kukhuthula.

Munagwa chikwama choluka, chosatha, kasingano kangowe kali chilasire. Chinali chobiriwira.

"Amayi!"

Anachitola n'kuthamangira nacho panja, amayi ali pambuyo. Anachigunditsa ndi chifuwa cha juzi padzuwa, poyera. Anatembenuza uku ndi uku. Amayi nawo anaweramira pafupi.

"Ndi womwewo," anatero amayi.

Kamphepo analumpha mpaka kugunda chingwe ndi mutu. Tsopano anakumbukira zonse. Sabata yoyamba ya tchuthi mnzake anabwera ndi chikwama chamakono, iye n'kutapa mpukutu umodzi pa isanu ija kuti ayeseko, akuti adzamasula mawa. Lachitatu lija ankafunafuna mpukutu, pamene mpukutuwo unali utasanduka chikwama kalekale.

Chisangalalo chinachepako ataona kunsi kwa chikwamacho. Kunali kulendewera mphonje zonenepa khumi ndi ziwiri. Mwana ameneyu anayamba ndi kukongoletsa chikwama chisanathe. Ulusi wa mphonje unali woduladula, utali wa chala, wosathekanso kulukira.

"Ukwana?" anafunsa.

"Tiona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masula."

Anayamba ndi juzi. Kumasula ntchito ya tsiku ndi theka kunatenga mphindi zochepa chabe, ndipo kunawawa. Ulusi wotuwa uja anaukulunga pawokha, wodulidwa pawiri, wopotanapotana. Anapisa m'thumba la siketi, n'kupeza kapepala kaja kali khwinyakhwinya. Anakawongola pabondo n'kukamangirira pampukutupo.

Kenako anamasula chikwama. Ulusi wake unatuluka wopiringizika ngati tsitsi lomasula kumene. Amayi anatereka ketulo, n'kutambasula manja kuti Kamphepo akulunge ulusiwo m'manjamo. Madzi atawira ankaudutsitsa panthunzi pang'onopang'ono, ndipo unkawongoka iwo akuona. Anauyanika pampando padzuwa, ndipo pofika masana unali utauma.

"Uyambe khosi," anatero amayi. "Mphepo imalowera pakhosi. Ulusi ukatha, uthere kudzanja."

Analuka khosi masana onse. Madzulo anayamba mkono, ndipo mzere uliwonse wachikhumi ankaulemba m'kope. Chakudya chamadzulo chitapsa, amayi anamulanda singano n'kuzitsekera m'kabati.

"Maso ndi ako, koma wokakugulira magalasi ndine. Mawa."

Loweruka anadzuka mbalame zikuyamba kumene kulira. Kampukutu kanali katachepa ngati dzira. Kenako kanakhala ngati nsawawa. Bambo ankamanga sutikesi m'chipinda, akuimba mluzu. Kamphepo ankaluka, kuyang'ana kampukutu, kuluka, kuyang'ananso. Anayeza ndi mkono wakumanja uja. Panatsala zala zitatu kuti ifanane, ndipo ulusi unali wongokwanira mzere wotsekera.

Anayang'ana pashelefu pamene anaika mpukutu wotuwa. Zala zitatu zokha, kumapeto kwenikweni, koti munthu atha kupinda. Anatambasula dzanja, n'kulibweza. Anatseka mzere womaliza, kulowetsa kansonga m'kati, n'kulemba m'kope mawu amodzi: yatha.

6. Pokwerera basi

Pokwerera basi panali piringupiringu. Oitanira ankakuwa, ogulitsa ankagogoda mawindo, dzuwa lili paliwombo. Azakhali anafika mochedwerako kudzatsanzikana ndi mchimwene wawo, ataphimba kumutu ndi ambulera.

Sutikesi itakwezedwa, Kamphepo anatulutsa juzi m'thumba n'kuipereka ndi manja awiri. Bambo anaitambasula. Anaiyang'ana kutsogolo, anaiyang'ana kumbuyo, anasisita khosi ndi chala chachikulu. Kenako anavula jekete n'kuivala pomwepo.

"Achimwene, kutentha konseku?" anatero azakhali.

"Ndisiyeni, achemwali."

Inawakwana bwino paphewa ndi pachifuwa. Anatambasula manja onse awiri. Mkono wakumanja unafika padzanja. Wakumanzere unalekezera m'mwamba, wotchi yonse ili pamtunda.

Bambo anayang'ana mkonowo, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Ameneyu ndiye woluka woganiza. Wandisiyira malo a wotchi. Anzanga azikavutika kupinda mikono kuti aone nthawi, ine ndizikangoti chonchi." Anakweza dzanja monyadira, moti mayi wina wogulitsa madzi anawomba m'manja.

"Bambo, sindinachite dala," anatero Kamphepo chapansipansi. "Ulusi unandithera chifukwa ndinauwononga ndekha."

Bambo anawerama mpaka nkhope zawo zinayandikana.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma wamaliza."

Basi inaliza hutala. Bambo anakwera n'kukhala pawindo, thukuta lili kamukamu, juzi osavula. Basi ikutuluka anatulutsa dzanja lakumanzere n'kumalikupiza, wotchi ikunyezimira padzuwa, mpaka anakhota. Kamphepo anaseka, misozi ikutsika.

Amayi anatsogola kukagula sopo. Azakhali anapinda ambulera n'kumuyang'ana.

"Utoto umodzi kuyambira kukhosi mpaka kudzanja. Wachisanu uja unapezeka kuti?"

Kamphepo anawapatsa kope lamaluwa. Azakhali anavala magalasi n'kutembenuza masamba onse asanu ndi anayi, akugwira kaulusi kalikonse. Pa chidole chopanda mutu anatsokomola pang'ono.

"Zilembo zako n'zoipa," anatero. "Koma ndi kope." Anamubwezera n'kutembenuka kuti azipita.

Sanafunse china chilichonse. Anali atayenda kale mapazi asanu, ndipo Kamphepo akanatha kungokhala chete.

"Azakhali."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa mpukutu wotuwa uja, wopotanapotana, kapepala kake kakulendewera.

"Uwu si wanga. Ndinautenga m'bokosi lofiira mutatuluka. Ndinaulukira, ndinaumasula, ndipo ndinaudula pawiri. Pepani."

Azakhali anauyang'ana, koma sanaulandire.

"Ndinawerenga Lachitatu lomwelo, iwe usanakhote n'komwe pangodya. Ndimadikira ndione ngati ubwera ndi miyendo yako. Wachita bwino kunena. Koma pepani wakoyo wamupereka kwa munthu wolakwika. Anamwino abwera m'mawa uno kuti ndiwayeze. Ndawasiya m'chipinda mwanga akumwa tiyi, bokosi lili pamiyendo. Amuna awo anagula mipukutu inayi, iwo apezamo itatu. Andifunsa kawiri, ine sindinawayankhe. Ndawauza kuti woyankha akubwera."

Anatambasulanso ambulera.

"Tiye."

Kuchokera pokwerera basi kukafika kwa azakhali sipatali, ndipo Kamphepo ankapathamanga tsiku lililonse osapuma. Tsiku limenelo anafumbata mpukutu wa eni ndi manja awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anayenda pang'onopang'ono.